Mmene mungawerengere ma valence electron mu polyatomic ion osasochera pa plus ndi minus

Ana a Form 3 ndi Form 4 kuno ku Ntcheu, makamaka inu a m'ma CDSS amene buku la Chemistry mumachita kubwerekana anthu asanu, izi ndalembera inuyo. Kuwerenga ma valence electron mu ion ngati sulphate kapena ammonium ndi samu yophatikiza ya ku pulayimale yeniyeni, palibe chozunguza mutu, koma anthu ambiri amagwera pa kachizindikiro kamodzi kokha, ka plus kapena minus kamene kamakhala pamwamba paja, ndiye ndikufuna tikakhalire pansi kameneko mpaka mukamvetse osati kungoloweza.

Tiyambe ndi kudziwa chinthu chimene tikuwerengacho. Polyatomic ion ndi kagulu ka ma atom awiri kapena kuposa apo amene agwirana ndi ma covalent bond, kutanthauza kuti akugawana ma electron, ndipo kagulu konseko kali ndi charge. Ndipo musaganize kuti ndi zinthu za mu lab za ku town, ayi ndithu, zili pakhomo panu pomwepo. Thumba la feteleza wa CAN muli ammonium, NH₄⁺, ndi nitrate, NO₃⁻. Soda amene amayi amathira mu therere muli hydrogen carbonate, HCO₃⁻. Laimu amene alangizi amati tizithira m'minda ya asidi wambiri, ngati ina ya kachewere cha ku Tsangano ndi ku Dedza uku, mwadzaza carbonate, CO₃²⁻. Madzi a mu batire ya galimoto muli sulphate, SO₄²⁻. WaterGuard amene timathira m'madzi akumwa nthawi ya kolera muli hypochlorite, ClO⁻. Ma valence electron nawo ndi aja okhala mu shell yakunja kwenikweni ya atom, ndi okhawo amene amagwira ntchito yopanga ma bond, am'katiwo amangokhala phee.

Choyamba lembani formula bwinobwino pa pepala, nambala ya ma atom pansi, charge pamwamba. Izi zikuoneka ngati zachibwana koma taonani zimene zimachitika pa WhatsApp, munthu amalemba SO42- mu gulu la kalasi ndiye wina amaona ngati ma oxygen alipo 42, wina amaona ngati charge ndi 42, pamene 4 ndi wa pansi, kutanthauza ma oxygen anayi, ndipo 2- ndi wa pamwamba, ndiye charge. Chimodzimodzi NH4+, 4 uja ndi wa ma hydrogen, charge ndi plus imodzi basi. Ngati mwaiwala charge ya ion, itengeni ku compound imene mukuidziwa. Calcium ali mu Group II ndiye amakhala Ca²⁺, ndipo formula ya laimu uja ndi CaCO₃, calcium mmodzi pa carbonate imodzi, ndiye kuti zikwanirane carbonate ayenera kukhala 2-. Sodium ndi Na⁺, caustic soda ndi NaOH, ndiye hydroxide ndi OH⁻. Njira imeneyi imapulumutsa kwambiri mu mayeso mutu ukaima.

Chachiwiri, pezani ma valence electron a atom iliyonse payokha. Tsegulani periodic table, nambala ya group ndiyo yankho: hydrogen 1, carbon 4, nitrogen ndi phosphorus 5, oxygen ndi sulphur 6, chlorine 7. Ma table ena, makamaka amene mumaona pa intaneti, ma group amawalemba kuyambira 1 mpaka 18, ndiye mupeza oxygen ali pa 16, musadabwe, kuyambira 13 kupita mtsogolo mumangochotsa 10 basi, 16 kuchotsa 10 ndi 6. Ngati table palibe, lembani electron configuration, mmene ma electron agawikira mu ma shell, kuchokera ku atomic number, imene ndi nambala ya ma proton. Sulphur atomic number yake ndi 16, ndiye 2, 8, 6, nambala yomalizayo ndi imene tikufuna. Nitrogen ndi 7, ndiye 2, 5. Chlorine ndi 17, ndiye 2, 8, 7.

Apa pali dzenje limene ndikufuna mulione msanga. Valency ndi ma valence electron ndi zinthu ziwiri zosiyana. Oxygen valency yake ndi 2 chifukwa akusowa awiri kuti akwane 8, koma ma valence electron amene ali nawo ndi 6, ndipo ife pano tikuwerenga amene ali nawo osati amene akusowa. Mukalemba 2 pa oxygen samu yonse yatha pomwepo. Komanso musatenge atomic number yonse, imeneyo imawerenga ndi am'kati omwe.

Chachitatu, chulukitsani ndi nambala ya ma atom kenako phatikizani zonse. Ma oxygen anayi ndi 4 × 6 = 24, ma oxygen atatu ndi 18, ma hydrogen anayi ndi 4. Palibe zambiri apa.

Tsopano chachinayi, apa ndiye pagona nkhani. Charge ikakhala minus mumawonjezera ma electron, ikakhala plus mumachotsa. Ndikudziwa kuti mutu umakana, chifukwa kuyambira Standard 1 anatiphunzitsa kuti minus ndi kuchotsa ndipo plus ndi kuphatikiza, ndiye dzanja limangothamanga lokha kukachotsa 2 pa sulphate. Koma taganizani chimene chizindikirocho chikunena. Sichikukuuzani samu yoti muchite ayi, chikukuuzani mtundu wa charge imene yachuluka mu kaguluko. Electron iliyonse ndi negative, proton iliyonse ndi positive, ndipo atom ikakhala payokha yosasokonezedwa ziwirizi zimakhala zofanana ndiye charge ndi ziro. Kuti kagulu kaoneke 2- ndiye kuti ma negative achuluka ndi awiri, ndipo chinthu cha negative chimene chimatha kulowa ndi kutuluka ndi electron yokha, ma proton ali m'kati mwa nucleus sasuntha pa chemical reaction. Ndiye 2- akutanthauza kuti kwabwera ma electron awiri ochokera kunja. Kuti kagulu kaoneke plus si kuti kalandira proton yapadera imene sitinaiwerenge, ma atom onse tawawerenga kale mu formula, koma pa ma electron amene ma atom amenewo akanakhala nawo pasowa imodzi, ndiye ma positive apambana ndi imodzi. Werenganinso ndime imeneyi kawiri ngati sinalowe, chifukwa ikalowa simudzafunikanso kuloweza lamulo.

Tiyese ndi hydroxide, OH⁻, yaing'ono kuposa zonse. Oxygen 6, hydrogen 1, pamodzi 7, charge ndi minus imodzi ndiye onjezerani 1, yankho ndi 8. Ndiye mwina mufunsa kuti electron yapaderayo yachokera kuti eti? Mu NaOH yachokera kwa sodium, iye anali ndi imodzi mu shell yakunja, anaipereka, n'chifukwa chake iye watsala Na⁺. Ndiye mukamawerenga za OH⁻ musakamuwerengenso sodium payekha, electron yake ndi yomwe ija mwawonjezera kale.

Ammonium, NH₄⁺. Nitrogen 5, ma hydrogen anayi 4, pamodzi 9, charge ndi plus imodzi ndiye chotsani 1, yankho ndi 8. Ngati mukukaikirabe zochotsazi tiyeni titsimikize njira ina. Ma proton mu ammonium ndi 7 a nitrogen ndi 4 a ma hydrogen, onse 11. Kuti charge ikhale plus imodzi ma electron onse ayenera kukhala 10. Pa 10 amenewo awiri ndi a mu shell yam'kati ya nitrogen, chotsani amenewo mutsala ndi 8. Mwaona kuti zagwirizana. Akanakhala kuti timawonjezera tikanapeza 10 akunja, kuphatikiza awiri am'kati 12, ma electron 12 pa ma proton 11 ndiye ikanakhala minus, zosemphana ndi formula.

Sulphate, SO₄²⁻. Sulphur 6, ma oxygen anayi 24, pamodzi 30, onjezerani 2, ndi 32.

Nitrate, NO₃⁻. 5 + 18 + 1 = 24.

Carbonate, CO₃²⁻. 4 + 18 + 2 = 24.

Taonani nitrate ndi carbonate, onse 24, ndipo si mwangozi. Carbon amachepa ndi electron imodzi poyerekeza ndi nitrogen koma charge ya carbonate ndi yokulirapo ndi imodzi, ndiye zimakumana pamodzi, n'chifukwa chakenso ma ion awiriwa akajambulidwa amaoneka ofanana, atom imodzi pakati ndi ma oxygen atatu mozungulira, onse ali pa flat. Phosphate, PO₄³⁻, naye amachita chimodzimodzi ndi sulphate, 5 + 24 + 3 = 32. Ine zimenezi zimandisangalatsa kwambiri, kuti chinthu cha mu feteleza wa CAN uja ndi chinthu cha mu mwala wa laimu zamangidwa pa pulani imodzi, ndipo mwana wa ku Kasinje kapena ku Nsipe atha kuzitulukira yekha ndi pensulo.

Musanapitirire, yang'anani yankho lanu ngati lili even. Ma ion onse amene mukumane nawo ku sekondale amatuluka even chifukwa ma electron ake amakhala awiriawiri. Mukapeza 23 pa nitrate dziwani kuti mwaiwala charge. Koma chenjerani, kuyesa kumeneku sikugwira zolakwa zonse, munthu amene wachotsa 2 pa sulphate mmalo mowonjezera apeza 28, amene wachotsa 1 pa nitrate apeza 22, onsewa ndi even ndipo onsewa ndi olakwa. Kuyesa kwenikweni ndi kujambula.

Kujambulako ndi kuja kwa madontho kumene anayambitsa katswiri wa ku America Gilbert Lewis mu 1916, m'kalasi timakonda kuti dot and cross. Ndikulangizani kuti poyamba musajambule ndi bolopeni, tapani njere za chimanga kapena nyemba, kaya zitsekerero za mabotolo, werengani nambala yeniyeni imene mwapeza, lembani zilembo za ma atom pa pepala lalikulu kapena pa dothi pabwalo, ndiye muziika njerezo. Ubwino wake ndi woti simungawonjezere electron yabodza, njere zikatha zatha, ndipo mutha kuzisuntha osafufuta.

Sankhani atom ya pakati. Kawirikawiri ndi ija ili yokha mu formula, N mu nitrate, C mu carbonate, S mu sulphate, P mu phosphate. Hydrogen sakhala pakati chifukwa amapanga bond imodzi yokha ndipo amakhuta ndi ma electron awiri. Kenako lumikizani atom iliyonse yakunja ndi ya pakati ndi njere ziwiri, imeneyo ndi single bond. Zotsalazo gawirani ma atom akunja mpaka aliyense akwane 8, kuwerengera ndi ziwiri za mu bond zija. Zikatsalabe ikani pa atom ya pakati. Pomaliza werengani za atom ya pakatiyo, ngati sizikukwana 8 tengani njere ziwiri kwa mmodzi wa akunja muziike pakati pa awiriwo kuti pakhale double bond.

Tichite nitrate pang'onopang'ono. Muli ndi njere 24. Ma bond atatu adya 6, zatsala 18. Oxygen aliyense ali kale ndi ziwiri za mu bond ndiye akufuna 6, atatuwo 18, njere zatha ndendende. Tsopano yang'anani nitrogen, wazunguliridwa ndi 6 zokha, akusowa ziwiri, ndipo m'manja mulibe kanthu. Apa ndi pamene ena amaba, amangodontheza timadontho tiwiri pa nitrogen n'kukhala ndi 26. Musatero chonde. Sunthani ziwiri kuchokera kwa oxygen mmodzi zilowe pakati pa iye ndi nitrogen, oxygen uja sanataye kanthu chifukwa za mu bond amaziwerengabe ngati zake, nitrogen wakwana 8, ndipo zonse pamodzi zikadali 24. Oxygen wake uti? Aliyense mwa atatuwo, palibe wolakwika. Zoona zake mu ion yeniyeni ma bond atatuwo ndi ofanana kutalika, double bond ija imakhala yogawana pakati pa onse, amene mudzapitirize Chemistry ku koleji mudzazimva pa mutu wa resonance, koma pakali pano kujambula imodzi kukukwanirani. Carbonate chitani chimodzimodzi, njere zake ndi 24 zomwezo.

Mukamaliza tsekerani chojambula chonse mu ma square bracket, charge muilembe kunja pamwamba kudzanja lamanja. Aphunzitsi ambiri amadula malikisi pa zimenezi ndipo akulondola, chifukwa charge ndi ya kagulu konse. Zili ngati a self-boarding mukasonkha ufa m'beseni limodzi, ukasakanikirana palibe amene angaloze kuti uwu ndi wochokera kwathu. Ma electron nawo akalowa mu ion ndi ofanana onse, dot ndi cross timangolemba kuti tione kumene anachokera, ndipo ija yochokera kunja ena amailemba ndi kachizindikiro kena ngati ka triangle kuti ioneke.

Ammonium ndi yosavuta kujambula, njere 8, ma bond anayi, zatha, nitrogen wakwana 8 ndipo hydrogen aliyense ali ndi ziwiri. Koma pali kanthu kamene kamakonda kufunsidwa. Ammonium imapangika pamene ammonia, NH₃, wakumana ndi H⁺. Ammonia ali ndi ma valence electron 5 + 3 = 8, asanu ndi imodzi ali mu ma bond atatu, awiri angokhala pa nitrogen ngati lone pair. H⁺ amabwera chimanjamanja, alibe electron olo imodzi, ndiye nitrogen amapereka onse awiri a lone pair kuti bond yachinayi ipangike, imeneyo ndiyo dative bond, ena amati coordinate bond. Onani kuti 8 anali 8 ndipo watsala 8, H⁺ sanabweretse kalikonse koma charge. Nkhani yomweyi ndi ya H₃O⁺ amene amapezeka mu asidi aliyense wosungunuka m'madzi, 6 + 3 − 1 = 8, ma bond atatu ndi lone pair imodzi pa oxygen.

Sulphate, njere 32, ma bond anayi adya 8, zatsala 24, ma oxygen anayi aliyense 6, zatha, sulphur ali ndi 8, basi. Koma mukatsegula mabuku ena mupeza sulphate yojambulidwa ndi ma double bond awiri, sulphur wazunguliridwa ndi 12, ndiye mwana amasokonekera kuti wolondola ndani. Zojambula zonse ziwirizi zimapezeka m'mabuku, ma atom a mu Period 3, mzere wachitatu wopingasa wa periodic table, ngati sulphur ndi phosphorus amaloledwa kujambulidwa ndi opitirira 8, pamene carbon, nitrogen ndi oxygen a mu Period 2 sapitirira 8 zivute zitani. Tsatirani mmene aphunzitsi anu akujambulira, koma werengani madontho a chojambula chilichonse mwa ziwirizo mupeza 32, nambala imeneyo siisintha.

Soda wa therere uja, HCO₃⁻, ali ndi kamsampha kake. Kuwerenga n'kosavuta, 1 + 4 + 18 + 1 = 24. Koma pojambula ambiri amalumikiza hydrogen ku carbon poti mu formula ayandikana. Ayi, hydrogen amagwira kwa oxygen mmodzi. Jambulani carbonate yanu ija, H mumuike pa oxygen mmodzi wa single bond, pogwiritsa ntchito njere ziwiri zimene oxygen ameneyo anali nazo kale. Lamulo lomweli ligwiritseni pa HSO₄⁻.

Nthawi zina funso silikupatsani ion yokha, limakupatsani compound yonse, mwachitsanzo ammonium sulphate, (NH₄)₂SO₄, feteleza amene akuluakulu amangoti salufeti. Igaweni kaye, ma NH₄⁺ awiri ndi SO₄²⁻ imodzi, werengani iliyonse payokha, 8, 8 ndi 32, ndipo pojambula iliyonse ikhale m'ma bracket ake, musalumikize ndi mzere chifukwa pakati pawo palibe covalent bond, zimangokokana plus ndi minus. Pali kanjira kabwino kodziyesera apa. Pamodzi ndi 48. Tsopano werengani compound yonse ngati yopanda charge, ma nitrogen awiri 10, ma hydrogen asanu ndi atatu 8, sulphur 6, ma oxygen 24, pamodzi 48. Zafanana, chifukwa awiri amene tinachotsa ku ma ammonium ndi omwewo amene tinawonjezera ku sulphate. Yesani ndi ammonium nitrate, NH₄NO₃, wa mu CAN uja, 8 + 24 = 32, ndipo njira inayo 10 + 4 + 18 = 32.

Ma ion okhala ndi transition metal pakati, ma metal aja a pakati pa periodic table, ngati permanganate, MnO₄⁻, uja wa mtundu wa papo, asiyeni kaye mpaka awa a pamwambawa akhazikike, chifukwa ma electron a ma metal amenewo sayenda ndi 2, 8, 8 imene mwaizolowera.

Tsopano tengani pepala ndi njere zanu muchite izi musanayang'ane mayankho, ndipo pa iliyonse lembani mizere itatu, za ma atom, za charge, ndi zonse pamodzi, kuti olo mutalakwitsa pomaliza wochonga aone njira yanu. Nitrite, NO₂⁻. Sulphite, SO₃²⁻. Hypochlorite, ClO⁻. Chlorate, ClO₃⁻. Cyanide, CN⁻, wachibale wa poizoni amene amatichititsa kuviika chinangwa chowawa tisanapange kondoole. Hydrogen sulphate, HSO₄⁻.

Mayankho ndi awa. Nitrite 18, ndipo pojambula mutsala ndi njere ziwiri zoika pa nitrogen komanso mufunika double bond imodzi. Sulphite 26, nayonso itsala ndi lone pair pa sulphur. Hypochlorite 14, bond imodzi ndi ma lone pair atatu mbali iliyonse. Chlorate 26, yofanana ndi sulphite. Cyanide 10, ndipo iyi ikuvutani pang'ono chifukwa kusuntha njere kamodzi sikukwanira, musunthe mpaka pakati pa carbon ndi nitrogen pakhale njere 6, triple bond, ndi ziwiriziwiri kunja kwa aliyense. Hydrogen sulphate 32. Amene mwapeza 16 pa nitrite kapena 22 pa sulphite mwachotsa pamene mumayenera kuwonjezera, bwererani ku ndime ya plus ndi minus ija muwerenge ma proton ndi ma electron monga tinachitira ndi ammonium, kenako muyesenso.